Masiku 5 pa kayaki ku chilumba cha Espíritu Santo: mmene kampani ya ku La Paz inatisamalira

Mu February ine ndi mlamu wanga, amene amakhala ku California, tinalipira kampani ina ya mumzinda wa La Paz, m'dziko la Mexico, kuti ititengere ku chilumba cha Espíritu Santo kukapalasa timabwato topapatiza totchedwa kayaki ndi kugona m'matenti pamchenga kwa masiku 5. Pa ndalama zimene tinalipira panali kayaki, nkhafi, jekete yoyandamitsa, tenti, chakudya chonse, madzi akumwa, chilolezo cholowera m'malo otetezedwawo, komanso anthu 4 otisamalira, omwe anali otsogolera awiri, wophika mmodzi ndi woyendetsa boti la injini. Alendo tinalipo 10. Ndinene mosapsatira kuyambira pachiyambi kuti ndinabwerako wokhutira kwambiri ndi anthu amene tinali nawo pamadzi, koma wokhumudwa ndi ofesi imene inatigulitsa ulendowu, ndipo kukhutirako ndi kukhumudwako zonse zinachokera pa chinthu chimodzi, chomwe ndi mphepo.

Chilumbachi chili m'nyanja yamchere yotchedwa Gulf of California, imene ena amaitcha Sea of Cortez potengera dzina la Hernán Cortés, Msipanishi amene anafika m'dera la La Paz mu 1535. Nyanjayi ndi yaitali ndi yopapatiza, yoposa makilomita 1,000 m'litali, ndipo yapanikizika pakati pa mtunda waukulu wa Mexico kum'mawa ndi mtunda wautali wouma wa Baja California kumadzulo. Munthu wokulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi akaona mapu ake amachita ngati akuidziwa kale, kungoti iyi ndi yaitali pafupifupi kawiri ndipo madzi ake sangamweke. Ku La Paz mvula siikwana mamilimita 200 pa chaka chonse, ndipo yochepayo imagwa makamaka mu August ndi September, nthawi ya anamondwe. Pachilumba pamene tinapita palibe mtsinje, palibe mudzi, palibe golosale kapena magetsi, kupatula timisasa ta asodzi tingapo. Bungwe la UNESCO linaika zilumba za m'nyanjayi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2005, ndipo boma la Mexico linakhazikitsa madzi ozungulira Espíritu Santo kukhala malo otetezedwa mu 2007. Kwa mlendo zimenezi zikutanthauza kuti amavala kachibangili kosonyeza kuti walipira, amagona pa magombe ololedwa okha, sasonkha moto wa nkhuni, ndipo chilichonse chimene wabwera nacho amabwerera nacho.

Kudandaula kwanga kukuyambira pa tsamba la kampaniyi la pa intaneti, pamene panalembedwa kuti ulendowu ndi wozungulira chilumba chonse. Panali mapu okongola okhala ndi mzere wofiira wozungulira Espíritu Santo pamodzi ndi chilumba chaching'ono cha Partida, chimene chili kumpoto kwake, ndipo mawu onena kuti ndondomeko ikhoza kusintha chifukwa cha nyengo anali m'tizilembo ting'onoting'ono pansi penipeni pa tsambalo. Nditawalembera kufunsa ngati February ndi mwezi wabwino, anandiyankha msanga ndiponso mwaulemu kuti ndi mwezi wokoma chifukwa sikutentha, zomwe ndi zoona, koma sanatchule n'kamodzi komwe kuti ndi pakati pa nyengo ya mphepo yamphamvu ya kumpoto. Pa nkhani ya kayendedwe anatithandiza bwino. Anatiuza kuti ndege zambiri zochokera kunja zimatera ku Los Cabos, kuchokera kumene basi imatenga maola atatu kapena kucheperapo kufika ku La Paz, ndipo anatikumbutsanso kuti munthu amene ali ndi viza imene sinathe masiku ya ku America, Canada, Britain, Japan kapena ya mayiko a ku Ulaya a m'gulu la Schengen safunika viza ina yolowera ku Mexico, zomwe zinandipeputsira zinthu kwambiri.

M'mawa wa tsiku loyamba anatinyamula m'boti la injini limene eni dziko amalitcha panga, makayaki atamangidwa pamwamba, ndipo patatha ola ndi theka tinatsika pagombe la El Candelero, kumadzulo kwa chilumbachi. Mbali ya kumadzuloyi ndi yong'ambikang'ambika ngati zala za dzanja lotambasula, ndipo pakati pa chala chilichonse ndi chinzake pali ndomo ya madzi osaya obiriwira, yothera pa mchenga woyera. Matanthwe ake ndi a phulusa la mapiri ophulika limene linauma kalekale, ndipo ali m'mizeremizere, wina wofiira, wina wotuwa, wina wakuda, ngati nsalu zopindidwa n'kusanjikizidwa pa shelefu. Mbali ya kum'mawa ndi yosiyana kotheratu, chifukwa kumeneko kuli maphompho otsetsereka mpaka m'madzi ndipo malo okocheza ndi owerengeka. Kusiyana kumeneku ndinakumva ngati nkhani wamba ya malo pa tsiku loyambalo, osadziwa kuti ndiko kudzalamule ulendo wonse.

Kayaki ya panyanja ndi yaitali, mamita 5 kapena 6, yopapatiza, yotsekedwa pamwamba, ndipo wopalasa amakhala pansi m'kabowo miyendo itatambasulidwa kutsogolo. M'chiuno amavala kansalu kosalowa madzi, kamene amakakoleka m'mphepete mwa kabowoko kuti mafunde asadzaze mkati. Nkhafi yake ili ndi mapeto awiri, choncho munthu amapalasa uku ndi uku mosinthanitsa, ndipo wa kumbuyo amawongolera ndi mapazi popondereza tizitsulo tolumikizidwa ku chiwongolero. Ine ndinakwerapo bwato wosemedwa ndili mnyamata ndipo ndinkadziona ngati wodziwa, koma mtsogoleri wathu wamkulu, mayi wa ku La Paz komweko wolankhula mawu ochepa, sanasiyanitse wodziwa ndi wosadziwa. Tisanapite kulikonse anatilowetsa m'madzi ofika m'chiuno, n'kutembenuza kayaki ya munthu aliyense chadodolido, kuti aliyense aphunzire kukoka kachingwe ka kansalu kaja ali pansi pa madzi n'kutuluka yekha popanda kunjenjemera. Bambo wina wa m'gulu lathu anakana ponena kuti anachita kale zimenezi kwawo, ndipo mayiyo anangomuyankha modekha kuti amene sanatembenuzidwe pano akwera boti la injini. Anatembenuzidwa. Phunziroli linatenga maola awiri athunthu, ndipo pamenepo ndinayamba kukhulupirira kuti ndalama zathu zagwera m'manja oyenera.

Ine ndi mlamu wanga anatipatsa kayaki ya anthu awiri, iye kutsogolo, ine kumbuyo pa chiwongolero. Ola loyamba nkhafi zathu zinkangogundana, kayaki n'kumayenda ngati nkhanu, ndipo iye anatembenuka n'kunena kuti, "Alamu, mukuwongolera kapena mukulemba dzina lanu pamadzipa?" Mtsogoleri wachiwiri, mnyamata wa zaka za m'ma 20, anatiyandikira n'kutionetsa kuti mphamvu yopalasira imachokera m'chiuno ndi m'mimba, osati m'mikono, ndiponso kuti wa kumbuyo ayenera kuyang'ana mapewa a wa kutsogolo n'kutsata kayendedwe kake m'malo moyang'ana nkhafi yake. Pofika madzulo tinali titagwirizana, ngakhale kuti m'zala zanga zazikulu munali mutatuluka matuza. Magolovesi opalasira sanali pa mndandanda wa zinthu zimene kampani inatiuza kuti titenge, ndipo anayenera kukhalapo.

Chinthu chimene chinandiphunzitsa msanga kuti tili m'chipululu, ngakhale kuti madzi anali ponseponse, ndi mmene wophika ankasungira zigubu za madzi akumwa. Zonse zinabwera kuchokera ku La Paz, zinakwiriridwa theka mumchenga pansi pa mthunzi wa lona, ndipo iye ankaziwerenga m'mawa ndi madzulo ngati mayi wowerenga matumba a chimanga mu January. Akumwa sankatimana, ndipo otsogolera ankatikakamiza kumwa malita atatu kapena anayi pa tsiku chifukwa mpweya wouma umayamwa thukuta munthu asanazindikire kuti watuluka thukuta. Koma osamba panalibe ngakhale dontho. Mbale tinkazitsuka m'nyanja ndi mchenga, kenako n'kuziviika m'beseni limodzi la madzi abwino othira mankhwala pang'ono. Kusamba kunali kulowa m'nyanja, kumene sopo wamba sachita thovu, n'kudzipukuta msanga mchere usanaume pakhungu. Pofika tsiku lachitatu tsitsi linali litauma gwa, malaya ali ndi mizere yoyera ya mchere kumsana, ndipo aliyense anali atasiya kudandaula chifukwa tonse tinkafanana. Amene sangathe kugona osasamba madzi otentha aganizire bwino asanalipire.

Pomanga matenti mtsogoleri wamng'ono uja anatiyendetsa pagombe n'kutionetsa mzere wa zinyalala za m'nyanja, tizigoba ndi udzu wouma, umene umasonyeza pamene madzi anafika usiku wathawo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwera tsiku lililonse potsata mwezi, ndipo kuno kusiyana kwake kumatha kupitirira mita imodzi, zomwe pagombe losatsetsereka zimatanthauza mtunda wautali ndithu. Anatiuza kuti tenti ikhale kumtunda kwa mzerewo, kayaki ikokeredwe pamwamba ndi kumangidwa, ndipo m'malo mwa zikhomo, zimene sizigwira mumchenga, timange zingwe ku miyala ikuluikulu n'kuikwirira. Anatichenjezanso kuti tizikutumula nsapato m'mawa chifukwa cha zinkhanira, ndiponso kuti polowa m'madzi osaya tizikhwekhwereza mapazi m'malo moponda, popeza mumchengamo mumabisala nsomba zaphanthiphanthi zokhala ndi mbola kumchira, zimene zimathawa zikamva kukhwekhwereza koma zimalasa zikapondedwa. Malangizo onsewa anali omveka, operekedwa m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, ndipo palibe amene analasidwa.

Tenti yeniyeniyo ndiyo inatichititsa manyazi. Zipi ya chitseko chake inali yotha mano, moti inkatsekeka theka n'kutseguka yokha kumbuyo, ndipo kamatiresi kopopa ka mlamu wanga kankaphwa pakati pa usiku. Titanena, otsogolera anayesa kukonza zipiyo ndi pulayasi ndi kandulo, ndipo wamng'ono uja anapereka kamatiresi kake n'kumagona pa majekete oyandamitsa. Anachita zimene akanatha, koma tenti yapadera panalibe, ndipo cholakwa chimenechi si cha iwo ayi, ndi cha munthu wa ku ofesi amene analongedza katundu osamuyang'ana. Usiku woyamba kunali bata ndipo zipi yowonongekayo inangolowetsa tizilombo ting'onoting'ono toluma totchedwa jejenes. Usiku wachiwiri inalowetsa chipululu chonse.

Tsiku lachiwiri tinapalasa makilomita pafupifupi 12 kulowera kumpoto, kudutsa pa mpata wosaya umene umalekanitsa zilumba ziwirizi, mpaka tinafika ku Ensenada Grande pa chilumba cha Partida. Madzulo a tsikulo kumwamba kunali koyera, nyanja ili phee, ndipo ife tinkakambirana za kuzungulira nsonga ya kumpoto m'mawa mwake. Mtsogoleri wamkulu anali atakhala payekha pa thanthwe ndi wailesi yake ya m'manja, akumvetsera za nyengo ndi kulankhulana ndi oyendetsa maboti ena. Atabwera anatisonkhanitsa n'kunena kuti mawa sitipalasa, mwinanso mkuja, chifukwa El Norte ikubwera. Mawuwa ndinawamva ngati akwathu, popeza ndi mpoto weniweni umene asodzi a kunyanja kwathu amaudziwa. Anafotokoza kuti mpweya wozizira ukaunjikana pamwamba pa zipululu za kumwera chakumadzulo kwa America, umatsetsereka m'nyanja yopapatizayi ngati madzi m'ngalande, mapiri atautsekereza mbali zonse ziwiri, ndipo chifukwa umayenda makilomita mazanamazana popanda choutchinga, umafika kuno utautsa mafunde aatali otsatizana pafupipafupi. Mphepoyi imabwera kawirikawiri kuyambira November mpaka March, ndipo ikayamba imatha masiku awiri, atatu, nthawi zina kupitirira.

Anthu ena m'gulu lathu anakwiya, ndipo sindingawadzudzule kwambiri, chifukwa anali atalipirira mzere wofiira uja ndipo nyanja imene ankaiona ndi maso awo inali yosalala ngati galasi. Bambo yemwe uja anafunsa ngati sitingadzuke 4 koloko n'kuthamanga mphepo isanafike. Mayiyo anatenga kamtengo n'kujambula chilumbacho pamchenga, n'kuika timiyala pa malo okocheza a mbali ya kum'mawa, ndipo timiyalato tinali tochepa ndiponso totalikirana. Anati mphepo ikatipeza pakati pa timiyala tiwiri, ndi anthu 10 amene ambiri mwa iwo anayamba dzulo kugwira nkhafi, palibe kothawira, ndipo boti la injini silingatole anthu asanu ogwera m'madzi nthawi imodzi pansi pa phompho. Sanakweze mawu, sanapepese mopitirira, ndipo sanasinthe maganizo. Cha m'ma 2 koloko usiku mphepo inafika. Inayamba ndi kulira m'mapiri kumbuyo kwathu, kenako inagwetsa lona wa kukhitchini, ndipo mchenga unayamba kulowa pa zipi yathu ija mpaka unadzaza m'makutu, m'mano ndi m'chikwama chogonamo. Kutacha tinakwera pa chitunda n'kuyang'ana kunja kwa ndomo yathu, ndipo nyanja yonse inali yoyera ndi thovu mpaka pamene maso amalekezera. Bambo uja anayang'ana nthawi yaitali, n'kutsika osanena kanthu, ndipo pa chakudya cha m'mawa ndiye anali woyamba kumutengera mayiyo kapu ya khofi.

Apa ndi pamene maganizo anga pa kampaniyi agona. Chimene munthu amagula pa ulendo wotere si kayaki, chifukwa kayaki angabwereke pa mtengo wochepa, ndipo si kukongola kwa malo, chifukwa kumeneko sikwa kampani. Amagula munthu amene angathe kuuza alendo olipira ndalama zambiri kuti ayi, pa nthawi imene kumwamba kuli koyera ndipo iye yekha ndiye akudziwa chimene chikubwera. Munthu ameneyo kampaniyi ili naye. Koma kampani yomweyo ndi imene inamuika m'mavuto pogulitsa mu February ulendo umene otsogolera ake eni anatiuza kuti m'miyezi imeneyi umalephereka kawirikawiri. Ofesi ikanalemba poyera kuti m'nyengo yozizira ulendowu ndi wa mbali ya kumadzulo, ndipo kuzungulira ndi mwayi chabe, ine ndikanalipirabe, ndipo mayi uja sakanaima yekha pamaso pa anthu okwiya chifukwa cha lonjezo limene sanalipereke iye.

Tsiku la mphepolo silinawonongeke. Otsogolera anatitenga wapansi kukwera m'khwawa louma la kumbuyo kwa gombe, kudumpha miyala ikuluikulu, mpaka tinatulukira pamwamba pa maphompho a kum'mawa, pamene tinaona mafunde akumenya malo enieni amene tikanakhala tikupalasa. M'njira munali mitengo yaminga yopanda masamba yotchedwa cardón, imene imaimirira ngati mizati yokhala ndi mikono yoloza kumwamba, imasunga madzi m'thupi mwake, ndipo imatha kupitirira mamita 10 ndi kukhala zaka mazana angapo. Munalinso mikuyu yam'tchire yomera pa thanthwe lenileni, mizu yake yoyera itayenderera pamwala ngati phula losungunuka pofunafuna chinyezi m'ming'alu. Mtsogoleri wamng'ono ankadziwa dzina ndi ntchito ya chomera chilichonse, ndipo anatiuza za kalulu wakuda amene amapezeka pa zilumba ziwirizi zokha padziko lonse, ngakhale kuti ife tinangoona ndowe zake. Anationetsanso milu ya zigoba zakale imene anasiya anthu a mtundu wa Pericú, amene ankakhala kuno akudalira nyanja kwa zaka masauzande Asipanishi asanafike.

Za chakudya ndilibe chodandaula. Wophika ankagwiritsa ntchito mbaula ziwiri za gasi ndi mabokosi a ayezi, ndipo ankatulutsa chakudya chotentha katatu pa tsiku ngakhale pa tsiku la mphepo, ataunjika makayaki ngati mpanda wotchinga moto. M'mawa kunkakhala mazira, nyemba zokazinga, zipatso ndi tortilla, zomwe ndi timikate topyapyala ta ufa wa chimanga kapena wa tirigu timene amadyera chilichonse monga mmene ife timadyera nsima. Tsiku lina woyendetsa boti anagula nsomba kwa asodzi a pa mpata wa Partida, ndipo ina anaiphika pomwe ina anaidula tizidutswa n'kuiviika m'madzi a mandimu pamodzi ndi anyezi, tomato ndi tsabola, osaiika pamoto. Mlamu wanga anaiyang'ana mokayika n'kufunsa kuti, "Alamu, yaiwisiyi tidyadi?" koma anatenganso kachiwiri. Usiku chakudya chonse chinkatsekeredwa m'mabokosi olimba chifukwa cha kanyama kotchedwa babisuri, kofanana ndi mwiri koma ka maso aakulu ndi mchira wautali wa mizere yakuda ndi yoyera, kamene kamatsika m'matanthwe kukada. Ine ndinaiwala paketi ya mtedza m'thumba la jekete, ndipo m'mawa ndinapeza thumbalo litabooledwa mwaukhondo ndi timapazi tating'ono pamchenga kuzungulira kayaki.

Nkhani ya chimbudzi ndiyenera kuitchula chifukwa ambiri amachita manyazi kufunsa. Popeza dothi la m'chipululu siliwoletsa zinthu msanga ndipo magombe ololedwa ndi ochepa, lamulo ndi lakuti zonse zibwerere kumtunda. Kampani inabweretsa bokosi lotsekeka bwino lokhala ndi pokhalira, limene ankaliika kuseri kwa thanthwe, ndipo nkhafi yogonekedwa mopingasa panjira inkatanthauza kuti kuli munthu. Linali laukhondo nthawi zonse, pambali pake pali madzi ndi sopo wosambira m'manja, ndipo amene ankalinyamula kupita nalo m'boti m'mawa uliwonse anali mtsogoleri wamkulu mwiniwake.

Mphepo inagwa usiku wa tsiku lachitatu, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi anatitengera pa boti la injini ku Los Islotes, timatanthwe tiwiri toyera ndi zitosi za mbalame kumpoto kwenikweni, kumene kumakhala mazana angapo a nyama zimene eni dziko amazitcha lobos marinos. Thupi lake ndi losalala ngati la katumbu koma ndi zazikulu kwambiri, moti yamphongo imafika makilogalamu 300, ndipo zimauwa ngati agalu usana wonse. Kusambira nazo n'kololedwa kupatula kuyambira June mpaka August, pamene zimaswana. Malamulo anali akuti tisavule jekete yoyandamitsa, tisakwere pamatanthwe, tisazigwire, ndipo yamphongo ikayamba kusambira uku ndi uku patsogolo pathu ikuuwa, tibwerere m'mbuyo. Tiana take ndiye tinalibe lamulo. Kamodzi kanabwera molunjika pa galasi langa la kumaso, kanatembenuka chagada pafupi kwambiri moti ndinaona ndevu zake ndi diso lake lalikulu lakuda, kenako kanaluma nsonga ya chopalasira cha kuphazi kwanga n'kukoka ngati kagalu kosewera ndi nsanza. Madzi anali ozizira, pafupifupi madigiri 20, ndipo apa panaonekeranso kusakonzekera kwa ofesi, chifukwa ngakhale anatifunsa misinkhu yathu polembetsa, zovala zotchinga kuzizira zimene anatumiza zinali zazing'ono kwa anthu atatu. Mlamu wanga, amene ndi wathupi, analowa wopanda chovalacho ndipo anatuluka patangotha mphindi 10 mano akugundana.

Masana a tsikulo tinapalasa kubwerera kumwera motsatira matanthwe, nyanja itatsala ndi mafunde aatali oyenda pang'onopang'ono amene ankatinyamula n'kutitsitsa mofatsa. Mbalame za vuwo zinkauluka mondondozana pamwamba penipeni pa madzi, zina n'kumadzigwetsa chamutu kugwira nsomba, ndipo patali nsomba zaphanthiphanthi zotchedwa mobula zinkadumpha m'mwamba n'kugwa chamimba ndi phokoso ngati la kuwomba m'manja. Usiku umenewo, mwezi usanatuluke, otsogolera anatiuza kuti tizimitse matochi n'kulowetsa manja m'madzi, ndipo paliponse pamene dzanja ladutsa pankayaka timoto tobiriwira, tomwe ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timawala tikagwedezeka. Pa tsiku lomaliza tinadutsa pa ndomo ya San Gabriel, pamene pakuonekabe makoma amiyala a malo oweterako nkhono za ngale amene Gastón Vives anayambitsa mu 1903 ndipo anawonongedwa mu 1914 pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mexico. Lero pamakomapo ndi pa mitengo yozungulira pamaswana mbalame zakuda za mapiko aatali, zimene zamphongo zake zimafufumitsa chotupa chofiira pakhosi.

Mtengo wa ulendowu unapitirira madola 1,000 a ku America pa munthu mmodzi, osawerengera ndege ndi hotela ya ku La Paz, ndipo pamwamba pake pali ndalama yothokozera antchito, imene mwa chizolowezi cha kumeneko imakhala 10 mpaka 15 peresenti. Ndalama imeneyi ndinaipereka ndi mtima wonse, koma ofesi inatiuza za iyo madzulo a tsiku loti mawa tinyamuka, ndipo tinachita kuthamangira ku makina a banki usiku. Pa masiku 5 amene tinalipira, tinapalasa mokwanira masiku atatu okha, ndipo theka la chilumba sitinalione tili pamadzi. Munthu amene cholinga chake ndi kuzungulira chilumba chonse asankhe October, kumayambiriro kwa November kapena April, pamene mpoto sukhala wamphamvu, ndipo adziwe kuti chakumapeto kwa April ndi m'miyezi yotentha dera la La Paz limakhala ndi mphepo ina yotchedwa Coromuel, yochokera kumwera chakumadzulo, imene imawomba usiku molunjika m'ndomo zomwe zija zimene zinatiteteza ife. Kudziwa kupalasa si kofunika kwenikweni, chifukwa amaphunzitsa bwino, koma kudziwa kusambira ndi kupirira dzuwa, mchere ndi kugona pansi n'kofunika. Asanalipire afunse mwachindunji kuti mtsogoleri adzakhala ndani ndipo wagwira zaka zingati panyanjayi, ngati pali boti la injini lotsagana nawo masiku onse, ndiponso ngati angaione ndi kuitsegula yekha tenti yake asanakwere boti.

Titabwerera ndinalembera kampaniyi kalata yotchula zinthu zitatu, zomwe ndi mzere wofiira uja, zipi ya tenti ndi zovala zosakwana, ndipo ndinayamikiranso antchito anayi aja mmodzimmodzi. Anandiyankha patatha masiku awiri. Anapepesa za tenti ndi zovala, anati tentiyo aichotsa pa katundu wobwereketsa, ndipo anandilonjeza kuchotserako mtengo ndikadzabweranso. Za tsiku limene tinataya anati mphepo si mlandu wawo ndipo sabweza ndalama, zomwe ndikuvomereza, popeza sindinapemphe kubwezeredwa. Za mapu a pa tsamba lawo sananenepo kanthu, ndipo pamene ndinayang'ananso sabata yatha mzere wofiira uja unali ukuzungulirabe chilumba chonse, ndi February yemwe ali pa mndandanda wa miyezi yolembetsa.